SAMALANI POTSEGULA MAFAYILO: MAWU A PA MSONKHANO WATHU WA PACHAKA



Mwandipempha kuti ndinenepo za mapulogalamu olembera pa kompyuta, popeza komiti yathu yayamba kusunga kaundula wa mamembala ndi zithunzi zakale m'makinawa. Ndiyambe ndi kudziulula. Zaka zapitazo ndinatsegula chithunzi cha kalasi lathu ndi Notepad mosadziwa, ndipo ndisanatseke ndinadina Save. Chithunzi chija sichinatsegukenso, ndipo china ndinalibe. Paja safunsa anadya phula.

Kodi chinalakwika nchiyani? M'fayilo simukhala zilembo zooneka zokha ayi. Mu ASCII, ndondomeko yomwe inatuluka koyamba mu 1963, manambala 0 mpaka 31 pamodzi ndi 127 si zilembo koma malangizo kwa makina. Inu amene munaphunzira kutaipa mukukumbukira kuti mzere ukatha tinkakankha chitsulo chija kuti tiyambe mzere wina. Nambala 13 imabwezera kumayambiriro a mzere, pamene 10 imatsitsira pa mzere wotsatira. Windows imamaliza mzere ndi zonse ziwiri, koma Linux imangoika 10. Notepad inayamba kuonetsa bwino mizere ya Linux mu 2018. Tsono chithunzi chimakhala ndi manambala onse kuyambira 0 mpaka 255, ndipo Notepad ya masiku amenewo inkasandutsa 0 aliyense kukhala mpata. Apo ndi pamene chithunzi changa chinafera.

Choncho posankha pulogalamu, onani zinthu zitatu.

Choyamba, izionetsa zobisikazi. Notepad++, imene Don Ho anatulutsa mu 2003, imazionetsa mukasankha Show All Characters.

Chachiwiri, isamasinthe kanthu musanaiuze. Vim, ya Bram Moolenaar, inatuluka mu 1991. Mukaitsegula ndi lamulo la vim -b siisintha mathero a mizere, ndipo 13 imaoneka ngati ^M.

Chachitatu, fayilo imene si ya mawu imafuna hex editor, monga HxD pa Windows kapena hexl-mode mu Emacs. Mapulogalamu otere amaonetsa nambala iliyonse payokha, ndipo mumasintha yokhayo imene mwafuna.

Musakhulupirire mawu anga okha. Koperani fayilo, tsegulani kope lija, lisungeni osasintha kanthu, kenaka yerekezani ziwirizo ndi fc /b pa Windows kapena cmp pa Linux. Zikasiyana ngakhale pamodzi pokha, pulogalamu imeneyo isayandikire zithunzi zathu.

A Mlembi, pempho langa ndi lakuti fayilo iliyonse ya bungweli ikhale ndi kope lachiwiri pamalo ena. Ena mwa anzathu a m'zithunzi zija anatisiya kale, ndipo sitingathe kuwajambulanso.