Muzu wa Munkoyo ndi Nkhalango ya Miombo

Nthawi ya masana, makina akaleka kulira ku Heavy Industrial Area mu Lusaka, anchito amaturuka m'mafakitale nakhala m'mbali mwa mseu wa Mungwi ndi wa Lumumba. Kumeneko amai ocokera ku Matero, George ndi Kanyama amawadikira ndi zigubu za munkoyo. Munthu amwa kapu imodzi, ludzu ndi njala zicepa, nabwerera ku nchito. Koma ndi owerengeka amene aganizira kumene ucokera muzu wa cakumwa cimeneci.

Munkoyo ndi kacitsamba ka mtundu wa nyemba, kamene odziwa za zomera amati Rhynchosia. Kamamera m'nkhalango ya miombo, pansi pa mombo ndi mtondo, mitengo imene iyoyola masamba m'cirimwe. Okumba amasinja muzu wace kufikira ukhala ngati luzi, nauyanika. Mai wophika auika m'phala la ufa wa cimanga, ndipo muzuwo usungunula phala lolimba kuti likhale madzi otsekemera, amene awawasa pang'ono pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Phala likatentha kwambiri mphamvu ya muzu ifa. Ndico cifukwa cace mai wodziwa amayamba waliziziritsa.

Tsono bvuto ndi iri. Wochera masuku asiya mtengo uli ciriri, koma wofuna munkoyo afuna muzu, ndipo akafulumira azula citsamba conse, osasiya kanthu kophukanso. Pambuyo pace pabwera wootcha makala. Matumba a makala amene alowa mu mzinda pa mseu wa Mumbwa anali mombo ndi mtondo. Mitengo ikagwa, malo amene aja asanduka munda kapena chire lopsa caka ndi caka. Bowa wa tente nayenso atha, pakuti amakhalira pamodzi ndi mizu ya mitengo yomweyi, ndipo sangalimidwe m'dimba.

Za moto, omvera a ku migodi ali ndi umboni pafupi. Ku Ndola, kuyambira m'caka ca 1933, a za nkhalango anagawa chire m'zigawo: cina anaciocha msanga dzinja litangotha, cina mocedwa udzu utauma gwa, cina osaciocha konse. Mu 1959 Colin Trapnell analemba zimene zinaoneka. Moto wocedwa unaononga mombo ndi mtondo, koma kumene anaocha msanga nkhalango inakhalabe. Moto wa mu October wosakira mbewa uli ndi mtengo waukuru ndithu.

Palinso ngozi ina. Muzu weniweni ukasowa pafupi, anthu osaudziwa bwino akumba mizu ina yofanana nao, ndipo ina mwa iyo iri ndi ululu. Kwamveka kangapo m'Zambia kuti anthu adwala atamwa munkoyo wa mizu yolakwika. Mai wogula mizu pa msika wa Soweto acita bwino kukhala ndi wogulitsa mmodzi womdziwa, amene anena poyera kumene anaikumba.

Lamulo la nkhalango la 2015 lilola anthu a m'midzi kulembetsa nkhalango yao ndi kuiyang'anira okha. Mudzi wotere ukhoza kupangana kuti wokumba atenge mizu ya m'mbali, asiye tsinde, akwirire dzenje, ndiponso kuti malo okumbidwa caka cino apumule zaka zingapo asanabwererekonso ndi khasu.