BUKU LA KALALIKI M'KATI MWA MAKINA

Usiku uno nkhani yathu iyambira pa msika wa Lundazi.

Wogula nyemba pa msika umenewu alandira matumba ocokera ku midzi yambiri, nawatumiza ku Kitwe. Tsono thumba limodzi likapezeka lofumbwa, adzadziwa bwanji kumene linacokera? Ngati kalaliki sanalembe nambala ya thumba pamodzi ndi mudzi wace, mlandu ugwera munthu wosacimwa.

Bvuto lomweli liri m'makina a kompyuta, ngakhale m'lamya imene mutumizira ndalama kwa amai kumudzi. Mmisiri alemba malamulo a makinawo mzere ndi mzere, koma makina samva mau, amva manambala okha. Cifukwa cace pali mapulogalamu awiri omasulira. Yoyamba, compiler, iphwanya mzere uli wonse kukhala timalamulo tating'ono, niika zizindikiro ziwiri: .file ndico dzina la colembedwaco, .loc ndiyo nambala ya mzere. Yaciwiri, assembler, isandutsa timalamuloto kukhala manambala, niwasunga m'fayilo imene amisiri aicha object file.

Kalaliki wathu ndiye assembler ameneyu, popeza ndiye adziwa malo eni eni pamene lamulo liri lonse lagona. Akapeza cizindikiro ca .loc, alemba m'cigawo capadera, dzina lace .debug_line, kuti malo akutiakuti anabadwa ku mzere wakutiwakuti. Kalembedwe kace katsata pangano lochedwa DWARF, limene linakonzedwa kacisanu m'caka ca 2017.

Taonani nzeru yace. Kalaliki wocenjera salemba dzina la mudzi pa thumba liri lonse, angoti, "matumba anai otsatira, mudzi wotsatira." Momwemonso assembler salemba manambala athunthu, koma mapazi okha: malo apita patsogolo mwakuti, mzere wapita mwakuti. Kawirikawiri mapazi awiriwa akwana m'byte imodzi, ndipo bukulo silitupa.

Tsiku limene pulogalamu yagwa, ndalama zanu ziri pa njira, makina angochula nambala ya malo pamene aima. Mmisiri atsegula pulogalamu yofufuzira zolakwa, monga GDB, ndipo iyo iwerenga buku lija nim'lozera mzere umene anaphonya. Popanda bukulo akadafufuza masiku ambiri, monga wofuna thumba limodzi m'nkhokwe yopanda nyali.

Gonani bwino, abale anga.