Mantha a pa Bwalo la Mpira: Kodi Ali ndi Mankhwala?

Mawu amene mmodzi wa ife anayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe la ophunzira akale ku Kandeu, m'boma la Ntcheu.



Pamene alembi a bungwe lathu anandipempha kuti ndidzayankhule lero, anati ndisankhe mutu uliwonse, bola usakhale wa ndale kapena wa ngongole za mamembala. Ndasankha nkhani ya mpira. Ena mukudabwa, poti ine ntchito yanga ndi ya mafayilo ku Capital Hill, ndipo amene tinali nawo Fomu 3 mu 1997 akukumbukira bwino m'mene mpira wanga unathera. Ndifikapo pamenepo, musandifulumize.

Chimene chandichititsa ndi lamya imene ndinalandira usiku wina miyezi itatu yapitayo. Anali mwana wa mlongo wanga, mnyamata wokulira kunokuno, amene tsopano akusewera mpira wolipidwa m'tauni. Dzina lake ndi timu yake sinditchula. Anati: "Malume, inu mumadziwana ndi madokotala. Tandipezereniko mapiritsi oletsa mantha." Nditamufunsitsa, anandifotokozera kuti pokonzekera mkati mwa sabata mpira umamumvera, koma likangofika Loweruka m'mimba mumabwadamuka, miyendo imalemera ngati amumangirira njerwa, ndipo mpira ukamabwera kwa iye amalakalaka ukanapita kwa wina. Kontirakiti yake ikutha kumapeto kwa chaka, mkazi wake ndi woyembekezera, ndipo feteleza wa amayi ake amachokera m'miyendo yomweyo. Mnzake wina anali atamuuza za mapiritsi, wina za sing'anga.

Mwaona kale kuti liwu lakuti mankhwala kwa ife limanena zinthu ziwiri. Ndiyambe ndi mankhwala amene ine ndinawalawa. Mu 1997 tinali ndi mpikisano ndi sukulu ina yoyandikana nafe. Usiku wake kaputeni wathu anabwera ndi kabotolo ka mafuta akuda, tonse n'kudzola m'misongolo, ndipo anatilamula kuti tisadye therere kapena kupatsa moni mtsikana mpaka mpira utatha. Kutatsala mphindi zochepa tinapatsidwa penate, ndipo anandiloza ine. Ndimakumbukira kuti golo linachepa ngati khomo la khola la nkhuku, ndipo goloboyi anakula ngati ng'ombe. Ndinathamangira kumenya kuti zingondichoka. Mpira unakagwera m'munda wa chimanga. Mlandu unagamulidwa tsiku lomwelo: akuti ndinapatsa moni mtsikana. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa ngati ndinkachita mantha, ndipo akanandifunsa ndikanakana. Sindinavalenso jezi.

Musaganize kuti izi ndi za ana a sukulu okha. Amene mumaonera mpira wa matimu akuluakulu munaonapo timu ikukana kulowera pa chipata, ena akukana chipinda chosinthiramo, ena akuwaza madzi pa golo. Ine ndikaona zimenezi sindiona ufiti. Ndimaona anyamata amene akuchita nthumanzi, koma alibe njira ina yonenera, chifukwa tinawalera ndi mawu akuti mwamuna salira.

Tsono mantha amenewa n'chiyani? Munthu akaona choopsa, tiziwalo tiwiri timene tili pamwamba pa impso timathira adirenalini m'magazi. Mtima umathamanga, mpweya umafupika, m'kamwa mumauma, magazi amachepa m'matumbo n'kupita ku minofu ya miyendo ndi manja. N'chifukwa chake m'mimba mumavuta. Thupi silisiyanitsa fisi ndi penate, limangokonzekera kuthawa kapena kumenyana. Mantha ochepa amathandiza, poti amadzutsa munthu. Akachuluka, wosewera amayamba kuganizira phazi lake, chinthu chimene wakhala akuchita osaganiza kuyambira pa mpira wachikulunga, ndipo phazilo limasokonezeka.

Odziwika dziko lonse nawonso zimawagwira. Per Mertesacker, amene anasewerera Arsenal ndipo anatenga chikho cha dziko lonse ndi Germany mu 2014, anaulula mu 2018 kuti pa tsiku la mpira ankatsegula m'mimba ndi kumva nseru mpaka woyimbira ataliza wezulo. Anafika ponena kuti pamene Italy inawatulutsa m'ndime ya matimu anayi mu 2006, mumtima mwake anamva kupepukidwa kuti katundu watsika. Bojan Krkić, ali ndi zaka 17 zokha ku Barcelona, anakana kupita ndi timu ya Spain ku mpikisano wa maiko a ku Ulaya mu 2008 chifukwa cha nkhawa imene inkamuchititsa chizungulire. Anthu ankayesa kuti ndi matama.

Nditamva pempho la mnyamata uja, ndinapita kwa mnzanga wina amene tinali limodzi ku koleji ndipo tsopano ndi dokotala. Zimene ndikuuzeni pa za mapiritsi ndinakhala naye pansi madzulo athunthu, kenako ndinawerenganso ndekha.

Mapiritsi amene anthu amawatchula kawirikawiri ndi propranolol, amene kuchipatala amaperekedwa kwa odwala mtima ndi kuthamanga kwa magazi. Amatsekereza adirenalini kuti asafulumizitse mtima, ndipo manja amaleka kunjenjemera. Oimba ena amamwa asanakwere pa nsanja. Kwa owombera mfuti ndi oponya mivi amathandiza kwambiri moti bungwe la WADA, loona za mankhwala oletsedwa m'masewero, linawaletsa m'masewero amenewo. Kim Jong-su wa ku North Korea analandidwa mamendulo awiri a kuwombera ku Olimpiki ya ku Beijing mu 2008 chifukwa cha mapiritsi omwewa. Mu mpira wamiyendo sanaletsedwe, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kumva: sathandiza. Wowombera amaima chilili, pamene wosewera mpira amathamanga makilomita pafupifupi 10 pa mpira umodzi. Ukaumanga mtima kuti usathamange, mwendo utenga kuti mphamvu? Mnyamata adzalowa m'bwalo mtima uli m'malo, koma pofika chigawo chachiwiri lilime lili kunja. Ndipo kwa amene ali ndi mphumu, mapiritsi amenewa angathe kumutseka mpweya.

Ena ndi diazepam, amene ambiri timawadziwa kuti Valium. Awa amaziziritsadi mantha, koma amaziziritsa ndi munthu yemwe. Maso amachedwa, phazi limachedwa, ndipo goloboyi amagwa mpira utalowa kale. Choopsa kwambiri n'chakuti thupi limawazolowera msanga. Mu 2023 Dele Alli, amene anasewerapo ku Tottenham ndi timu ya England, anaulula poyera kuti anakodwa ndi mapiritsi ogonetsa mpaka anakakhala milungu 6 ku malo othandizira anthu otere ku America, ndipo anati vutoli lafala pakati pa osewera kuposa m'mene anthu amaganizira.

Palinso msampha wa malamulo. Chamba n'choletsedwa pa mpikisano. Tramadol, amene anyamata ena amamwa kuti asamve ululu, analowa m'gulu la oletsedwa pa mpikisano kuyambira pa 1 Januwale 2024. Lamulo lake ndi louma: chimene chapezeka m'thupi mwako ndi mlandu wako, kaya unadziwa kaya sunadziwe. André Onana, goloboyi wa ku Cameroon, anaimitsidwa mu 2021 ali ku Ajax atamwa piritsi la mkazi wake molakwitsa. Chilango chinali miyezi 12, pa apilo chinatsika kufika miyezi 9. Kolo Touré naye anakhala miyezi 6 osasewera mu 2011 pa nkhani yofanana nayo. Ngati anthu okhala ndi madokotala awoawo anagwa choncho, nanga mnyamata wogula mapiritsi opanda dzina pa msika?

Koma pano ndisamale, kuti wina asachoke muno akunena kuti ndanyoza chipatala. Pali kusiyana pakati pa nthumanzi ya Loweruka ndi matenda a nkhawa. Ngati mantha satha mpira ukatha, ngati munthu sagona milungu ingapo, sakudya, akudzipatula, mtima ukumugunda ali khale pa mpando, amenewo ndi matenda monga malungo. Ali ndi mankhwala ake, monga fluoxetine, amene amamwedwa tsiku ndi tsiku motsogozedwa ndi dokotala, ndipo amatenga milungu ingapo kuti ayambe kugwira. Si piritsi lomeza m'basi popita ku bwalo. Robert Enke, goloboyi wa Hannover ndi timu ya Germany, anabisa matenda a maganizo kwa zaka zambiri poopa kuti anthu akadziwa ataya malo ake. Mu Novembala 2009 anadzipha ali ndi zaka 32. Munthu wotere asatumizidwe kukadzola mafuta akuda. Ayambire pa chipatala cha boma ku Ntcheu. Thandizo lapadera lilipo ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo kupita kumeneko sikutanthauza misala.

Nanga kwa amene sakudwala, koma penate ikumuopsa? Ndikukumbutseni usiku wa pa 12 Febuluwale 2012 ku Libreville, pamene anansi athu a Zambia anakumana ndi Ivory Coast mu ndime yomaliza ya chikho cha Africa. Ambiri tinaonera. Didier Drogba, katswiri wa Chelsea, anapatsidwa penate m'chigawo chachiwiri, n'kuiponya kumwamba ngati ine mu 1997. Mpira unathera ku mapenate. Anyamata a Zambia, amene masiku apitawo anali atakayala maluwa m'mphepete mwa nyanja pafupi ndi pamene ndege inaphera timu yawo mu 1993, anakoloweka manja m'mapewa n'kumaimba. Kolo Touré anaphonya, Rainford Kalaba anaphonya, Gervinho anaphonya, Stoppila Sunzu anamwetsa, Zambia 8, Ivory Coast 7. Nyimbo ija ine sindiitenga ngati mwambo chabe. Munthu woimba amapuma motalika, ndipo kupuma motalika kumatsitsa mtima popanda piritsi. Amamvanso kuti sali yekha. Ife a ku Ntcheu sitiyenera kudabwa nazo, poti makolo athu Angoni anali ndi ngoma, gule wa ankhondo. Drogba yemweyo, patangopita miyezi itatu, anamwetsa penate yomaliza imene inapatsa Chelsea chikho cha ku Ulaya ku Munich. Mwendo unali womwewo.

Katswiri wina wa ku Norway, Geir Jordet, anafufuza mapenate ambirimbiri a m'mipikisano ikuluikulu, ndipo anapeza kuti amene amathamangira kumenya wezulo ikangolira amaphonya kawirikawiri kuposa amene amayamba aima kaye pang'ono. Timu ya England, imene inkadziwika ndi kugwa pa mapenate, inalemba ntchito katswiri wa za maganizo, n'kumayeserera ngakhale kayendedwe kochokera pakati pa bwalo. Mu 2018 inapambana mapenate kwa nthawi yoyamba pa chikho cha dziko lonse, pogonjetsa Colombia.

Mnyamata uja mapiritsi sindinamupatse. Ndinapita naye kwa dokotala mnzanga uja, amene anamufunsa mafunso kwa ola lathunthu n'kupeza kuti sakudwala. Anamuphunzitsa kapumidwe, anamuletsa zakumwa zopatsa mphamvu zimene ankamwa mabotolo atatu mpira usanayambe, ndipo anamuuza kuti akauze kochi wake. Chomalizachi ndicho chinamuvuta koposa, anazengereza milungu iwiri. Nseru ikumugwirabe Loweruka lililonse, ndipo za kontirakiti tidzamva mu Disembala. Koma akusewera, ndipo sabata yatha anapempha yekha kumenya kona.

Bambo Wapampando, chaka chino bungwe lathu lagulira timu ya sukulu jezi ndi mipira, ndipo tachita bwino. Pempho langa ndi lakuti pa ndalama za chaka chamawa tipatuleko ya thiransipoti, kuti namwino wodziwa za maganizo azibwera kamodzi pa teremu kudzacheza ndi matimu athu, a mpira wamiyendo ndi wamanja omwe, pamodzi ndi a Fomu 4 amene akudikira mayeso. Ulendo woyamba ndilipira ndine. A Msungichuma alembe pompano ndisanasinthe maganizo.