Tisanagule Radiyeta Ina ya Galimoto ya Gulu Lathu

Lero tasiya kaye nkhani za feteleza ndi kudulira tiyi. Mwandipempha kuti ndilankhulepo za galimoto ya gulu, popeza ndisanabwerere kumunda ndinakhala zaka zambiri ndikuyendetsa galimoto za pa esiteti ndi kuthandizira amakaniko ku galaja. Nkhani yake mukuidziwa. Hilux yathu ija yawira kawiri mwezi uno, ndipo ulendo wachiwiriwo inaima pachitunda maola atatu itanyamula masamba. Masamba a tiyi akapanikizana m'matumba padzuwa amatentha n'kuyamba kufiira, ndipo mukudziwa zimene akalaliki a ku fakitale amachita ndi masamba otero. Komiti yati tigule radiyeta ina. Ndalama zake zichokera m'thumba la gulu, kutanthauza kuti ndi zanu, n'chifukwa chake ndikufuna kuti ngakhale amene sanagwirepo chiwongolero amve chimene tikukagula.

Injini ikamatentha dizilo, si mphamvu yonse imene imapita kumatayala. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limasanduka kutentha kumene madzi ayenera kuchotsa. Pampu imazunguliza madziwo m'kati mwa injini, kenako amakalowa mu radiyeta, m'mene amatsika kudzera m'timapaipi tambirimbiri tokhala ndi tizitsulo topyapyala ngati zisa za njuchi. Mphepo ikamadutsa m'zisamo, madzi amazizira n'kubwerera ku injini. Ntchito yake ndi yomweyo basi.

Kuno ku Thyolo ntchito imeneyi imakula kuposa kwina. Pamsewu wa tala wopita ku Limbe galimoto imathamanga, ndipo mphepo imalowa yokha. Koma m'misewu ya m'minda ya tiyi, kapena pokwera zitunda za ku Masambanjati ndi Thekerani, galimoto imakwawa pa giya yoyamba itadzaza katundu. Injini ikulira kwambiri, mphepo palibe, ndipo zonse zatsamira pa fani. Onjezanipo matope athu ofiira a dzinja ndi njere za udzu zimene zimamata zisa zija. Miyezi imene timatchola kwambiri, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndiyonso miyezi ya matope, ndiye galimoto imafunika kwambiri pa nthawi yomwe imavutikanso kwambiri. Palinso china chimene ambiri sachiganizira: kunyanja yamchere madzi amawira pa madigiri 100, koma kumtunda ngati kuno, mamita pafupifupi 1,000 m'mwamba, amawira pa madigiri 97. Radiyeta imene ingapirire m'tauni ikhoza kulephera kuno.

Pa sukulu yathu ino tinaphunzira kuti sitithamangira kupopera mankhwala tisanayendere munda ndi kuona chimene chikudya mbewu. Ndi galimoto tichitenso chimodzimodzi, chifukwa kuwira kwa injini sikutanthauza nthawi zonse kuti radiyeta yatha. Ine ndinaonapo abwana ena akugula radiyeta yatsopano, kuimanga, galimoto n'kuwiranso tsiku lotsatira. Vuto linali chivindikiro.

Chivindikiro cha radiyeta si chotsekera chabe ngati cha botolo. Chili ndi sipuling'i ndi rabala zimene zimapanikiza madzi kuti asawire msanga. Pamwamba pake pamalembedwa nambala, nthawi zambiri 0.9 kapena 1.1. Chivindikiro cha 0.9 chikakhala chabwino madzi sawira mpaka atapitirira madigiri 115. Rabala ikang'ambika, tabwerera pa 97 paja. Ndiye makaniko ayambe waona chimenechi. Aonenso lamba wa fani ngati wakhwepa, ndi fani yeniyeniyo. Fani ya Hilux zambiri ili ndi kachipangizo ka mafuta pakati kamene kamaigwira mwamphamvu injini ikatentha. Mukazimitsa injini yotentha, n'kukankha faniyo ndi dzanja, iyo n'kumazungulira yokha mopepuka ngati tayala la njinga, ndiye kuti kachipangizoko katha. Pali themositati, kachitseko kamene pa injini zambiri za dizilo za Toyota kamatseguka madzi akafika madigiri 82. Kakamatirira, madzi sapita ku radiyeta n'komwe. Amakaniko ena amangokachotsa n'kukataya. Musalole zimenezo. Injini yopanda themositati imachedwa kufunda m'mawa, makamaka nthawi ya chiperoni, ndipo imamwa dizilo wambiri ndi kutha msanga.

Choopsa kuposa zonsezi ndi gasiketi ya pamutu pa injini. Injini ikadali yozizira, tsegulani chivindikiro, muilize, muyang'ane m'madzimo. Ngati mukutuluka thovu losalekeza, kapena oyilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, kapena ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wosatha, ndiye kuti gasiketi yapsa, mwinanso mutu wa injini wang'aluka. Zikatero ngakhale titagula radiyeta yodula chotani, idzaphulika. Galimoto yathu yawira kale kawiri, choncho kuyeza kumeneku tisakudumphe.

Radiyeta yeniyeniyo imadziulula yokha. Ya pulasitiki ikakalamba, thanki yake ya pamwamba imasintha mtundu kuchoka kukuda kupita kotuwa kapena kofiirira, ndipo imaonetsa ming'alu yaing'ono pafupi ndi khosi. Ya kopa imachita dzimbiri lobiriwira, zisa n'kumayoyoka mukazikhudza ndi chala. Mukazimitsa injini yofunda n'kuyendetsa dzanja pazisa mosamala, mukapeza malo ena ozizira pamene ena akutentha, timapaipi ta pamenepo tatsekeka. Yathuyi ndinaiona dzulo. M'munsi mwake zisa zatha, ndipo muli zigamba zitatu za guluu. Ndikuganiza kuti komiti sinalakwe, bola makaniko atitsimikizire kaye za gasiketi.

Tsopano tigule yotani? Mu Limbe mukapeza mitundu iwiri makamaka. Pali ya kopa yokhala ndi mathanki a mkuwa, yolemera, yofanana ndi imene galimoto zambiri zakale zinabwera nayo. Palinso ya aluminiyamu yokhala ndi mathanki a pulasitiki, yopepuka, imene nthawi zambiri imatsika mtengo. Ya aluminiyamu imaziziritsa bwino ndithu, musamve zoti ndi yachabe. Vuto lake ndi loti thanki ya pulasitiki ikang'aluka, palibe kuwotcherera. Guluu amagwira sabata imodzi kapena ziwiri, kenako mwabwerera pomwe paja. Ya kopa ikabooka, munthu wodziwa kumata ndi mtovu amaikonza tsiku lomwelo, ndipo amisiri otere amapezeka mu Limbe ndi ku Ndirande. Amathanso kuchotsa thanki, kutokosa timapaipi tonse, n'kubwezeretsa. Kwa ife amene galimoto yathu imagwedezeka tsiku ndi tsiku m'misewu ya mabampu, kutali ndi sitolo, ine mtima wanga uli pa ya kopa, ngakhale tionjezere ndalama. Koma ndinene poyera kuti ya aluminiyamu yochokera ku kampani yodziwika, monga Denso imene imapangira Toyota zipangizo, ndingaisankhe kusiyana ndi ya kopa yopyapyala yosadziwika kumene yachokera. Muinyamule m'manja. Ya kopa ikapepuka modabwitsa, aumira chitsulo.

Njira ina ndi kusunga mathanki a radiyeta yakale, ngati ali a mkuwa ndipo ndi abwino, n'kugula zisa zatsopano zokha kuti amisiri amangirire. Ubwino wake ndi woti miyendo ndi makosi zimakhala pamalo pake penipeni. Tifunse mtengo wa njira imeneyi tisanasankhe.

Za radiyeta yakale yochotsedwa m'galimoto ina sindikhalitsapo. M'kati mwake simungaonemo, ndipo pulasitiki yake yakalamba kale ngati yathu. Ngati thumba lakanikiratu, igulidwe pokhapokha ataiyeza pamaso panu, kutseka makosi, kuipopa mpweya ndi kuimiza m'madzi kuti muone ngati ikutulutsa thovu.

Wogulitsa adzakuuzani za mizere: iyi ndi ya mizere iwiri, iyi itatu, iyi inayi. Akunena mizere ya timapaipi kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo. Pa ya kopa, mizere itatu ndi yoyenera ntchito yathu. Inayi imamveka bwino pakamwa, koma radiyeta ikanenepa kwambiri imayandikira fani, ndipo mukagwa m'dzenje faniyo imatha kuidula. Mphepo nayonso imavutika kudutsa. Pa ya aluminiyamu musawerenge mizere mofanana, chifukwa timapaipi take n'totakata, moti mizere iwiri imatha kugwira ntchito ya mizere itatu ya kopa. Muyang'anenso kuthinana kwa zisa. Zothinana kwambiri n'zabwino pa tala, koma kuno zimadzaza matope ndi udzu msanga ndipo zimavuta kutsuka. Muikweze kudzuwa, muone ngati kuwala kukudutsa bwino.

Cholakwa chimene chimadya ndalama za anthu ambiri ndi kupita ku sitolo n'kungonena kuti mukufuna radiyeta ya Hilux. Ma Hilux alipo ambiri. Pali a injini ya 2L ya malita 2.4, a 3L ya malita 2.8 ngati yathuyi, a 5L ya malita 3.0, osawerengera a petulo, ndipo radiyeta zake sizingolowana. Amene muli ndi abale oyendetsa Land Cruiser ya injini ya 1HZ kapena Land Rover yakale, muwauze zomwezi. Ndiye amene tiwatume atenge nambala ya chesisi ndi ya injini kuchokera m'bulubuku, ndipo koposa zonse anyamule radiyeta yakaleyo. N'chimodzimodzi ndi kugulira mwana nsapato, mumapita ndi muyeso wa phazi. Akafika aziike ziwirizo pansi moyandikana. Ayeze ndi tepi kutalika, kutambalala ndi kunenepa kwa zisa. Aone ngati khosi la pamwamba ndi la pansi zili mbali yomweyo ndiponso ngati kukula kwake n'kofanana, ngati miyendo ikugwera pamabowo omwewo, ndiponso ngati pali pomangirira chikombole cha pulasitiki chozungulira fani chija. Chikombole chimenecho anthu amachipeputsa, koma popanda icho fani imangokoka mphepo ya m'mbali m'malo moikoka kudzera m'zisa, ndipo pokwera chitunda m'pamene mumazindikira. Radiyeta ya galimoto ya otomatiki imakhala ndi timakosi tiwiri tating'ono m'munsi toziziritsira oyilo wa giyabokosi. Yathu ndi ya manyuwale, sitikutifuna, koma wa otomatiki asagule yopanda timeneti.

Wogulitsa akanena kuti "ingolowa, mungopinda pang'ono apa", musiyeni. Radiyeta yomangidwa mokakamiza imang'aluka pomwe mwaipindapo.

Mupite awiri, mmodzi wa komiti ndi makaniko, ndipo mufunse m'masitolo osachepera atatu. Lisiti ikhale ndi dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa galimoto, ndi masiku amene angailandire mukaibweza ikapezeka kuti ikudontha kapena sikulowa. Lonjezo la pakamwa msungichuma wathu sangaliike m'buku. Ine ndinagulapo ina pa sitolo ina popanda lisiti, inayamba kudontha m'mphepete mwa thanki sabata yoyamba, ndipo nditabwerera mwini sitolo anati sanandionepo. Pa bajeti muikeponso chivindikiro chatsopano cha nambala yofanana ndi chakale, themositati, mapaipi awiri a rabala ndi zomangira zake, ndi timarabala tokhalira radiyeta m'munsi. Timarabalato ndi timene timamwa kugwedezeka kwa msewu. Tikatha, chitsulo chimagunda chitsulo ndipo radiyeta yatsopano imathyoka miyendo.

Pomanga, makaniko atsuke kaye injini m'kati mpaka madzi otuluka ayere, apo ayi dzimbiri lakale lidzatseka timapaipi tatsopano. Za madzi othiramo ndiyankhule mosabisa, chifukwa radiyeta yathuyi taipha tokha. Takhala tikuthiramo madzi a mumtsinje ndi a pamjigo. Amumtsinje ali ndi dothi, apamjigo ena ali ndi mchere umene umaundana ngati zoyera za m'ketulo. Tizigula kulanti, mankhwala obiriwira kapena ofiira aja, n'kusakaniza monga mwalembedwera pa botolo, ndi madzi a batire kapena a mvula osefa bwino. Kulanti amateteza dzimbiri, ndipo ya aluminiyamu popanda iye imadyeka msanga. Osasakaniza mitundu iwiri. Amayi, mankhwala amenewa ndi poizoni ndipo amatsekemera, choncho asasungidwe m'botolo la zakumwa kapena kutayidwa pamene ana, agalu ndi nkhuku angafikire. Zothira dzira, ufa kapena fodya mu radiyeta kuti isiye kudontha, zimene madalaivala timauzana panjira, zithere pa yakaleyi. Zimatseka bowo, inde, koma zimatsekanso timapaipi.

A dalaivala, muvi wa geji ukayamba kukwera kupita kofiira, imani pomwepo, ngakhale fakitale ikuoneka patsogolo. Musatsegule chivindikiro injini ili yotentha, madzi ake amasupula nkhope, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yowira chifukwa mutu wake umang'aluka. Masamba atsitsidwe, ayalidwe pamthunzi pamene mukudikira.

Lachinayi likudzali galimoto ibwere pano pamunda wa sukulu m'mawa isanayende, makaniko adzayeze gasiketi tonse tikuona. A sekilitale adzabwere ndi bulubuku, ine ndidzabwera ndi tepi, ndipo gulu lililonse laling'ono lidzayeza radiyeta yakaleyo ndi kulemba miyeso m'kope lake. Miyesoyo ikagwirizana, tidzasankha awiri opita ku Limbe.