Nyanja Zobisika Pansi pa Madzi Oundana

Pa 20 Julayi 1976 chombo cha dziko la America chotchedwa Viking 1 chinatera pa Mars, ndipo chinzake, Viking 2, chinatera pa 3 Sepitembala chaka chomwecho. Mars ndi pulaneti, ndiye kuti dziko lozungulira dzuwa monga momwe lichitira dziko lapansi lino, monganso Nthanda ija imene imawala m'mbandakucha. Zombo ziwirizo zinatumidwa ndi funso limodzi lalikulu: kodi m'dothi la kumeneko muli kanthu kamoyo? Chombo chilichonse chinali ndi mkono wotapira dothi, ndipo dothilo linkathiridwa timadzi tokhala ndi chakudya chimene tizilombo tosaoneka ndi maso timakonda. M'chipangizo chimodzi, chimene anakonza katswiri wina dzina lake Gilbert Levin, dothi linatulutsa mpweya ngati kuti m'katimo muli kanthu kamene kadya. Koma chipangizo china, chofufuza zotsalira za matupi a zamoyo, sichinapeze umboni wogwirika. Akatswiri ambiri anagamula kuti mpweyawo unachokera ku mankhwala a m'dothi momwemo. Levin sanavomereze chigamulocho kufikira tsiku la imfa yake mu 2021, koma anthu anali atagwa ulesi, kotero kuti America sanaterenso pa Mars mpaka chaka cha 1997.

Kukhumudwa kumeneko kunaphunzitsa akatswiri kufunsa funso lapafupi poyamba: kodi madzi ali kuti? Chifukwa chake n'chodziwika kwa mlimi aliyense. Mbewu ya chimanga ikhoza kukhala m'nkhokwe chilimwe chonse osasonyeza moyo, koma ikangolawa chinyezi imamera. Chamoyo chilichonse chimene anthu akuchidziwa, kuyambira njovu kufikira kachilombo ka malungo, chimayendetsa ntchito za m'thupi mwake m'madzi, ndipo madziwo ayenera kukhala oyenda, osati ouma gwa ngati mwala.

Mu 2002 chombo cha Mars Odyssey, chikuzungulira Mars m'mwamba, chinaona zizindikiro zakuti pansi pa dothi la kufupi ndi nsonga za pulanetilo pali madzi oundana ochuluka. Pofuna kutsimikiza, anatumizako chombo cha Phoenix, chimene chinatera m'chigwa cha kumpoto pa 25 Meyi 2008. Mkono wake utakumba kadzenje kosaya, munaoneka tizidutswa toyera mbee. Ena anati ndi mchere, ena anati ndi ayezi, ndipo mkanganowo unathetsedwa m'njira imene mwana wa sukulu angaimvetse. Anajambula kadzenjeko, nadikira masiku anayi, najambulanso. Tizidutswa tija tinali titasowa. Mchere suuluka ayi. Koma pa Mars mpweya ndi wochepa kwambiri, motero madzi oundana akavundukulidwa amasanduka nthunzi osayamba asungunuka. Kumapeto kwa Julayi chaka chomwecho dothi lina linatenthedwa m'kauvuni ka m'chombomo, ndipo nthunzi ya madzi inapimidwa ndithu.

Zitatero madzi oundana anayamba kupezeka paliponse. Mu 2009 anapezeka m'chidzenje cha mdima pa Mwezi, ndipo mu 2012 chombo cha Messenger chinawatsimikiza pa Mercury, pulaneti loyandikana kwambiri ndi dzuwa, m'maenje amene kuwala sikufikamo. Tsono funso linasintha. Madzi oundana ndi ambiri, koma kodi n'kuti kumene ali osungunuka? Yankho linachokera kumene anthu sankayembekezera, kutali zedi ndi dzuwa.

Kale akatswiri ankakhulupirira kuti moyo wonse umadalira kuwala kwa dzuwa, pakuti zomera zimakula ndi dzuwa, ndipo nyama zimadya zomera. Koma mu 1977 anthu amene anamira ndi kasitima ka pansi pa madzi kotchedwa Alvin, kufupi ndi zilumba za Galápagos m'nyanja ya Pacific, anaona zodabwitsa pa kuya kwa mamita pafupifupi 2,500. Mu mdima wandiweyani umenewo munali akasupe a madzi otentha otuluka m'miyala, ndipo pozungulira akasupewo panali nkhono, nkhanu ndi nyongolotsi zikuluzikulu. Zonsezi zinkadalira tizilombo tating'ono timene timapeza mphamvu ku mankhwala otuluka m'akasupemo. Ndiye kuti ngati pali madzi, miyala ndi kutentha, moyo ukhoza kukhalapo popanda kuona dzuwa.

Patapita zaka ziwiri, mu Julayi 1979, chombo cha Voyager 2 chinadutsa pafupi ndi Jupiter ndi kujambula Europa. Omvera adziwe kuti dziko lapansi lili ndi mwezi umodzi wolizungulira, koma mapulaneti aakulu monga Jupiter ndi Saturn ali nayo yambirimbiri, uliwonse ndi dzina lake. Europa ndi umodzi mwa miyezi inayi ya Jupiter imene Galileo Galilei anaiona mu 1610, ndipo ndi wocheperako pang'ono kuyerekeza ndi Mwezi wa kuno. Pa zithunzi za Voyager unaoneka wosalala ngati dzira, wokutidwa ndi madzi oundana, wodzala ndi ming'alu yaitaliitali. Zipsera za miyala yogwa kuchokera kumwamba, zimene zili mbwee pa Mwezi wa kuno, pa Europa zinali zowerengeka, kusonyeza kuti pali china chimene chimafafaniza zakale ndi kumata zatsopano.

Chombo china, chimene anachitcha Galileo pokumbukira mkulu uja, chinafika ku Jupiter mu Disembala 1995. Gulu lotsogozedwa ndi mayi Margaret Kivelson linapeza kuti Europa amakhotetsa mphamvu ya maginito ya Jupiter m'njira imene ingachitike ngati m'kati mwake muli chinthu chodutsitsa magetsi. Madzi oundana sadutsitsa bwino magetsi, koma madzi amchere amatero. Motero akatswiri ambiri lero amavomereza kuti pansi pa chigoba cha Europa pali nyanja yamchere, imene madzi ake mwina ndi ochuluka kawiri kuposa a nyanja zonse za dziko lapansi.

Nanga moto wosungunula madziwo uchokera kuti kumalo kozizira chotero? Munthu akatenga waya n'kumaupinda uku ndi uku kwa kanthawi, popindapo pamatentha mpaka kuwotcha chala. Europa amazungulira Jupiter m'masiku atatu ndi theka, ndipo njira yake si yozungulira bwinobwino: nthawi zina amayandikira, nthawi zina amatalikira. Akayandikira, mphamvu yokoka ya Jupiter imamufinya kwambiri, akatalikira, imamumasula. Kufinya ndi kumasula kosalekeza kumeneko ndiko kumatenthetsa m'kati.

Komabe nyanja ya Europa palibe amene waiona kapena kuilawa. Umboni wokhudzika unachokera ku kamwezi kakang'ono ka Saturn kotchedwa Enceladus, kamene William Herschel anakatulukira mu 1789. Kukula kwake kuchokera mbali ina kufika mbali inzake ndi makilomita pafupifupi 500, ndiye kuti sikafika n'komwe kutalika kwa nyanja ya Malaŵi. Pamwamba pake pamazizira kufika madigiri pafupifupi 200 pansi pa ziro. Kanthu kakang'ono chotere kanayenera kukhala kataundana kale mpaka m'kati, komabe okonza ulendo wa chombo cha Cassini anakaika pakati pa malo ofunika kuwafufuza.

Cassini inanyamuka pa 15 Okutobala 1997 ndipo inafika ku Saturn mu 2004, patapita zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri. Kuchiyambi kwa 2005, podutsa chapatali ndi Enceladus, chipangizo chopima maginito chinasonyeza kupindika kumene sikunayembekezeke, ngati kuti kamweziko kakutulutsa mpweya. Mayi Michele Dougherty, amene ankayang'anira chipangizocho, anapempha akuluakulu kuti ulendo wotsatira chombo chidutse pafupi kwambiri. Pempho lotere silophweka, pakuti njira ya chombo imakonzedwa zaka zambiri pasadakhale, ndipo magulu ena amakhala ataika kale ntchito zawo pa ndandanda. Koma anavomera, ndipo pa 14 Julayi 2005 Cassini inadutsa pa mtunda wosakwana makilomita 200.

Kunsonga ya kummwera, kumene kunayenera kuzizira koposa, ndiko kunali kofunda koposa. Kunali ming'alu inayi ikuluikulu yondondozana, uliwonse wa makilomita pafupifupi 130, ndipo m'ming'alumo munkatuluka nthunzi ndi timibulu ta madzi oundana, kuthovokera m'mlengalenga makilomita mazanamazana. Apa ndiye panali mwayi umene sunapezekenso kwina. Kuti munthu alawe nyanja ya Europa ayenera kutera ndi kuboola chigoba cha makilomita ambiri. Koma Enceladus amalavula yekha nyanja yake, ndipo chombo chimangofunika kudutsa m'nthunzimo.

Cassini inadutsamo kangapo. Mu 2009 Frank Postberg ndi anzake analengeza kuti m'timibulu tina muli mchere, chizindikiro chakuti madziwo akhala akukhudzana ndi miyala nthawi yaitali. Mu 2015 kunalengezedwa za tinjere tating'onoting'ono ta mwala wa mtundu wa mchenga, timene timapangika pamene madzi otentha madigiri 90 kapena kuposa asungunula miyala. Pa 28 Okutobala 2015 chombocho chinatsika kufika pa makilomita 49 okha, ndipo chinapeza mpweya wa haidirojeni. Mpweya umenewu ndi chakudya cha tizilombo tina ta kuno, timene timakhala m'akasupe a pansi pa nyanja ndiponso m'mimba mwa ng'ombe. Mu 2023, pounikanso zimene Cassini inatumiza, akatswiri anapeza fosiforasi, mchere uja umene alimi amaudziwa m'feteleza, umene uli m'mafupa ndi m'mbewu ya chamoyo chilichonse. Madzi, kutentha, chakudya ndi zomangira thupi, zonse zilipo.

Chimene sichinapezeke ndi moyo weniweniwo, ndipo pamenepa nkhani zina za m'manyuzipepala zimathamanga kuposa umboni. Zipangizo za Cassini zinakonzedwa anthu asanadziwe kuti ku Enceladus kuli nyanja, choncho sizinapangidwe kuti zizindikire chamoyo. Ngakhale haidirojeni ujayo ali ndi matanthauzo awiri. Nsima ikatsala yambiri m'mbale, mwina ophika anachulutsa, koma mwinanso palibe amene anabwera kudzadya. Nyumba yosesedwa bwino, ya moto ndi madzi, ikhoza kukhalabe yopanda mwini. Kunena zoona, palibe katswiri amene akudziwa ngati moyo umayamba wokha paliponse pamene zofunika zakwanira, kapena ngati kuyamba kwake ndi chinthu chosowa kwambiri, pakuti chitsanzo chimene chilipo ndi chimodzi chokha, cha dziko lino.

Ichi ndicho chifukwa chake miyezi youndanayi ili ndi phindu loposa la Mars pa funsoli. Miyala yothothoka ku Mars yakhala ikugwa pa dziko lapansi, ndipo ina yatoledwa. Kotero kachilombo katapezeka ku Mars, anthu akhoza kukayika kuti mwina ndi mbale wa tizilombo ta kuno. Koma Saturn ali kutali ndi dzuwa pafupifupi kakhumi kuyerekeza ndi dziko lapansi, ndipo nyanja ya Enceladus ndi yotsekeredwa pansi pa chigoba. Chamoyo cha kumeneko chikhoza kukhala cha chiyambi chakechake. Ndipo ngati moyo unayamba kawiri pozungulira dzuwa limodzi, n'kovuta kukhulupirira kuti pa nyenyezi zina zosawerengeka sunayambe.

Umboni wotere ungaonongeke mosavuta. Tizilombo tina ta kuno timatha kudzitsekera m'chikopa cholimba ndi kupirira kuzizira ndi kuuma kwa zaka zambiri, ndipo palibe chombo chimene chimanyamuka chili choyera kotheratu. Chombo chitagwera pa Enceladus, tizilombo ta ku Florida tikhoza kulowa m'nyanja ija, ndipo obwera m'mbuyo sangadziwenso ngati chimene apeza ndi mwini mudzi kapena mlendo. Pangano la mayiko la 1967 lonena za m'mlengalenga limaletsa kuipitsa maiko ena motere. Choncho mafuta a chombo cha Galileo atatsala pang'ono kutha, eni ake anachiwongolera dala m'mitambo ya Jupiter pa 21 Sepitembala 2003, kuti chisadzagwere pa Europa. Cassini inatsata njira yomweyo. Pa 15 Sepitembala 2017 inalowa m'mpweya wa Saturn ikutumizabe zimene inkapima, kufikira pamene inalephera kulozetsa mlongoti wake kuno, ndipo inapsa. Uthenga wake womaliza unayenda mphindi 83 usanafike pa siteshoni ya ku Canberra, m'dziko la Australia. Pamene anthu amene anaigwirira ntchito zaka makumi awiri ankaumva, chombocho chinali chitatha kale.

Kuyambira tsiku limenelo palibe chombo china chimene chafika ku Saturn. Ku Jupiter kukupita ziwiri. Cha mayiko a ku Ulaya, chotchedwa Juice, chinanyamuka mu Epulo 2023 ndipo chikuyembekezeka kufika mu 2031. Cha America, Europa Clipper, chinanyamuka pa 14 Okutobala 2024 ndipo chiyenera kufika mu Epulo 2030. Sichidzatera ayi. Chidzadutsa pafupi ndi Europa maulendo pafupifupi 50, nthawi zina pa mtunda wa makilomita 25 okha, chikupima kuchindikala kwa chigoba ndi kufufuza ngati pali malo amene madzi a pansi amafika pamwamba.