Njala ya pa Chithunzi ndi Njala ya Pafupi Nafe



Akuluakulu a mzikiti, abambo, amayi ndi achinyamata, Idi yabwino kwa nonse. Mwezi wathunthu takhala tikuimva njala m'mimba mwathu kuyambira m'bandakucha mpaka kulowa kwa dzuwa. Lero tikambirane za njala ina, imene timaiona ndi maso okha pa wailesi ya kanema, m'nyuzipepala ndi pa foni.

Chithunzi chili ndi mphamvu, zimenezi tisakane. Mu October 1984 wailesi ya BBC inaonetsa anthu akufa ndi njala ku Korem, kumpoto kwa Ethiopia. Wojambula anali Mohamed Amin wa ku Kenya, mtolankhani anali Michael Buerk. Njalayo inali itayamba kale, mabungwe anali atachenjeza, koma maiko anali chete. Zithunzizo zitatuluka anthu anadzidzimuka, ndipo pa 13 July 1985 oimba anachita Live Aid ku London ndi ku Philadelphia kuti asonkhe ndalama. Miyoyo inapulumuka chifukwa cha kamera imeneyo.

Komabe kamera inaonetsa mwana wowonda osaonetsa chimene chinamuwondetsa. Ambiri anangoti ndi chilala basi. Chilala chinalipodi, koma kunalinso nkhondo ku Tigray ndi ku Eritrea, ndipo boma la Mengistu linkatsekereza chakudya kumadera a adani ake ndi kusamutsa anthu mokakamiza. Zoterezi sizikwana pa chithunzi. Tsono munthu akamaona njala osauzidwa gwero lake, amayamba kuganiza kuti anthu enawa analengedwa osauka ndipo palibe chochita.

Mu 1993 Kevin Carter wa ku South Africa anajambula mwana atagwa ndi njala ku Sudan, muimba utatera kumbuyo kwake. Nyuzipepala ya New York Times inachisindikiza, ndipo chaka chotsatira iye analandira mphoto ya Pulitzer. Dziko lonse linkati mwanayo ndi mtsikana. Mu 2011 m'pamene zinadziwika kuti anali mnyamata, ndipo njala ija anapulumuka. Taonani abale, zaka 18 anthu akuchidziwa chithunzi koma mwini wake osamudziwa.

Vuto lina ndi kuzolowera. Tsiku loyamba timagwira pakamwa, tsiku lakhumi timaonera uku tikutema nsima. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe, zithunzi zinadzaza mafoni athu ndipo anthu anapereka ufa, zovala ndi mabulangete. Patapita masabata ochepa makamera anapita kwina. Nanga amene anataya nyumba aja, mavuto awo anathera pomwepo? Ayi ndithu.

Ndiye pali umphawi umene kamera siufika n'komwe. Mayi wamasiye wa kuseri kwa nyumba yathu amachapa chitenje chake chimodzi usiku kuti m'mawa aoneke bwino. Sapempha, salira pagulu. Poti sakufanana ndi osauka a pa kanema, timamudutsa n'kumati ali bwino.

Choncho komiti ikupempha zinthu zitatu. Choyamba, tikaona chithunzi cha anthu ovutika tizifunsa kuti chachititsa n'chiyani, ndipo atolankhani akachoka tizikumbukirabe. Chachiwiri, Zakat-ul-Fitr imene tapereka swala ya Idi isanayambe isakhale mapeto. Banja lililonse lidziwe khomo limodzi lovutika m'dera lake ndi kumaliyendera chaka chonse. Chachitatu, popereka thandizo foni ikhale m'thumba. Kumujambula munthu atanyamula thumba la ufa n'kumutumiza pa WhatsApp ndi kumulanda ulemu umene anatsala nawo. Paja akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Allah alandire kusala kwathu, atipatse maso oona amene ali pafupi ndi manja osatopa kupereka. Ameen.

Eid Mubarak.