Chiyankhulo cha Kompyuta Tichiyambire pa Ntchito Zathu



Pa kalembera wa anthu wa 2018, alembi anayenda m'midzi atanyamula makompyuta a m'manja m'malo mwa mapepala. Makinawo anagwira ntchito chifukwa munthu anawalembera malamulo m'chiyankhulo chimene amamva. Ngati ife Amalawi sitiphunzira kulemba malamulo otere, tidzangokhala tikulipira alendo kuti atiwerengere chuma chathu chomwe.

Woyamba kumene ayambe ndi Python. Chiyankhulo chimenechi anachitulutsa ndi Guido van Rossum wa ku Netherlands m'chaka cha 1991, ndipo ndi chaulere. Maziko ake ndi atatu, ndipo tiwaonere pa ntchito ya mlembi wa nsomba pa doko la Senga Bay.

Choyamba ndi kupatsa chiwerengero dzina. Mlembi akalemba kuti usipa = 40, kompyuta imasunga ndowa 40 pansi pa dzina la usipa. Chachiwiri ndi liwu loti if, lotanthauza "ngati": ngati tsikulo lili m'nyengo yoletsa kupha nsomba, monga mmene amatsekera pa chilumba cha Mbenji, kompyuta ichenjeze. Chachitatu ndi liwu loti for, lolamula kubwereza: iwonkhetse ndowa za masiku 30 popanda kudumpha ngakhale limodzi. Wodziwa zitatuzi sadzavutika kuphunzira ziyankhulo zina, pakuti maziko ake ndi omwewa.

Koma ndikuchenjezeni. Kompyuta imachita zimene mwalemba, osati zimene mumaganiza. Mukaphonya chilembo, kawirikawiri imaima n'kukuuzani mzere wolakwika. Werengani uthengawo modekha. Musakopere pulogalamu imene simukuimvetsa, ndipo yanu muyambe mwaiyesa pa mizere isanu imene mwawonkhetsa kale ndi pensulo. Chiwerengero chabodza chikafika ku Lilongwe, Boma lidzaganiza kuti m'nyanja muli nsomba zambiri pamene zikutha, ndipo wovutika adzakhala msodzi ndi ana ake.

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Aliyense apatule theka la ola tsiku lililonse, atenge kaundula wa mu ofesi yake, kaya wa sukulu, wa chipatala kapena wa msika, ayambire pomwepo. Akadziwa, aphunzitse mnzake, makamaka achinyamata ndi amayi. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa m'chaka cha 2021, akufuna dziko lodzidalira, ndipo kudzidalira kumayambira pa tebulo la mlembi.